Dzanja Lothira Mchere: Mbiri ya Mayi Benedicta Kathewera

Malemu amene tikuwaperekeza lero ndi mayi Benedicta Kathewera, mwana wa bambo Lawson Mlozowa ndi mayi Triza Mlozowa, omwe onse awiri anatsogola kale. Anabadwa m'chaka cha 1974 m'mudzi mwa Chimwavi ku Chitala, m'boma lathu lomwe lino la Salima. M'banja la ana asanu ndi mmodzi iwo anali achinayi, koma mwa ana aakazi anali oyamba. Makolo awo anali alimi a chimanga ndi thonje. Popeza mayi awo ankadwaladwala, malemu anayamba kuphikira banja lonse asanapitirire mtondo kutalika, ndipo luso la kukhitchini limene ambiri pano mukuwakumbukira nalo linayambira pamenepo.

Sukulu anayamba mu 1981 ku Chitala komweko. Sitandade 8 anailemba kawiri, osati chifukwa cholephera ayi, koma dzina lawo silinatuluke pa osankhidwa ulendo woyamba. Ulendo wachiwiri anasankhidwa, napita ku sekondale yogonera komweko, ndipo mayeso a Fomu 4 anakhoza mu 1993. Chaka chotsatira sukulu za pulayimale zitakhala zaulere, ana anasefukira, aphunzitsi n'kuchepa. Malemu anali mmodzi mwa atsikana amene anapatsidwa choko asanalowe koleji. Anaphunzitsa pansi pa mtengo wa mango, bolodi litakolekedwa pa msomali, kwinaku akuchita maphunziro a uphunzitsi pa tchuthi. Satifiketi yawo analandira mu 1998, ndipo chaka chotsatira anawatumiza kuno kwa Maganga.

Kuno n'kumene anakumana ndi bambo Lodwick Kathewera, ogula mpunga amenenso ali ndi chigayo chokonola mpunga. Ukwati wawo anadalitsa ku tchalitchi m'chaka cha 2000, ndipo malemu anatengedwa chitengwa, nakhala pakati pa abale a amuna awo mpaka lero. Mulungu anawapatsa ana atatu: Tikondwe, Agape ndi Lenard.

Pa ntchito, zaka zambiri anazithera mu Sitandade 2. Akuluakulu a sukulu anayesa kangapo kuwakweza kuti akaphunzitse makalasi a pamwamba, koma iwo ankakana, n'kumati mwana akaphonya kuwerenga mu Sitandade 2 amayenda mu mdima mpaka kukalamba. Ambiri mwa anyamata a kabaza, asodzi ndi anamwino amene akhala pano anagwiritsidwa pensulo ndi dzanja lawo. Ku mpingo ankaimba kwaya, ndipo m'bungwe la amayi ndiwo anali mkulu wa zophika. Pa ukwati, pa maliro, pobwera alendo a mpingo, miphika ya ndiwo inkadikira iwo. Mchere sankayeza ndi supuni. Ankangotapa ndi dzanja n'kumwaza, anthu n'kumanyambita zala. Eniakewo mchere ankaukonda kwambiri: mango osapsa, chinangwa chokazinga pa buleki, usipa wouma, zonsezo popanda mchere wambiri kwa iwo sizinali chakudya.

Mu 2019 anagwa akulemba pa bolodi. Ku chipatala anawapeza ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, aja timangoti bipi, ndipo inali itakwera moopsa. Anayamba kumwa mapiritsi, koma kwa zaka ziwiri bipi sinkatsika bwino. Mwezi uliwonse ankauzidwa kuti achepetse mchere, iwo n'kuvomera mwaulemu, akafika kunyumba dzanja n'kuchita zimene linazolowera kuyambira ku ubwana. Sikunali kusamva. Munthu sungasiye ndi mawu okha chinthu chimene wachita tsiku lililonse kwa zaka makumi anayi.

Mu 2021 anawatumiza kwa bambo Mapopa Silungwe, katswiri wa za maganizo ndi khalidwe la munthu, amene amathandiza odwala bipi ndi shuga pa chipatala china ku boma. Odwala amangowatchula kuti alangizi. Malemu ankakonda kufotokoza za tsiku loyamba limenelo. Akuti analowa atakonzeka kukalipiridwa, koma bambowo sanatchule n'komwe mchere. Anawafunsa kuti pa zonse za pansi pano, chimene akufunitsitsa kudzachiona ali moyo n'chiyani. Malemu anayankha kuti akufuna kudzavina pa ukwati wa Tikondwe. Bambowo anati ndiye tiyambire pamenepo, ndipo tisasinthe zonse tsiku limodzi. Sankhani chimodzi chimene mukuona kuti mungachithe sabata ino.

Anasankha kusiya chinangwa cha pa buleki, n'kumatenga nthochi kunyumba. Atachitha chimenecho anasiya kukwera kabaza popita ku sukulu. Alangiziwo anawauza kuti woyenda yekha amagwa ulesi msanga, choncho anapangana ndi mphunzitsi mnzawo, mayi Layla Binali, kuti azidzuka m'mawa n'kuyenda mozungulira njira ya kuminda ya mpunga asanakalowe m'kalasi. Pamene analephera, monga pa Khirisimasi, sanadzudzulidwe. Anangofunsidwa kuti chinawakopa n'chiyani, ndipo ulendo wina adzatani. Chomalizira, chimene chinali chovuta kuposa zonse, chinali mchere wa mu mphika. Anagwirizana kuti chitini cha mchere chichoke kukhitchini, kumene dzanja linkachipeza lisanaganize, chikakhale pa tebulo, kuti aliyense azidzithirira m'mbale mwake. Mu ndiwo anayamba kudalira tomato, anyezi, adyo, nsinjiro ndi mandimu.

Zinatheka. Mutu unasiya kuwawa, miyendo inaphwa, madiresi anakawabweza kwa telala. Bipi inatsika mpaka madokotala anachepetsa mapiritsi. Anzawo a ku kwaya akuchitira umboni kuti chaka chimenecho malemu ankatha nyimbo yonse osapumira pakati. Chinali chaka chabwino, ndipo chinali chimodzi chokha.

Pano pali alendo ochokera kutali, ndiye tifotokoze pang'ono zimene enafe tinakula tikuzidziwa. Pa mwambo wa makolo, mkazi amaleka kuthira mchere mu ndiwo akakhala kumwezi, kapena akayenda ndi mwamuna wina. Amati akathira ali chomwecho amadula mwamuna wake kapena ana, ndipo wodulidwayo amayamba chifuwa, kutupa, mwinanso kufa kumene. Umenewo ndiwo mdulo, ena amati tsempho. Za kumwezi zimatha pa masiku ochepa. Koma mkazi akakhala osathira mchere mwezi ndi mwezi, anthu safunsanso chifukwa. Malemu mwambowu ankaudziwa. Kwa alangizi sanautchule, chifukwa ankaona ngati pakhomo pa anthu opemphera nkhani yotero singabuke.

Nthawi yokolola mpunga mu 2022, kunyumba kwawo kunabwera alamu awo, mayi Eliza, mlongo wamkulu wa bambo Kathewera. Pa chakudya anaona mlongo wawo akutenga chitini n'kudzithirira mchere. Mawu amene ananena anamveka mpaka kwa aneba, choncho sitikuulula chinsinsi. Anati: "Achimwene, munakwatira mkazi kapena satifiketi? Munthu wa ndevu kudzithirira mchere ngati batchala, akazi anu ali pompo?" Malemu anafotokoza za bipi ndi za alangizi. Koma kufotokozako n'kumene kunaipitsa zinthu, chifukwa alamuwo anafunsa funso limene pasanathe sabata linali pakamwa pa aliyense pa mjigo: "Dokotala wanji wosabaya jakisoni, wosapereka mankhwala, wongocheza ndi akazi a eni chitseko chili chotseka?"

Kuchokera pamenepo chilichonse chimene chinawachiritsa chinasanduka umboni. Kuyenda m'mawa, ndiye kuti akukakumana naye. Kuchepa thupi, ndiye kuti akudzikonzera iyeyo. Ulendo wa ku boma mwezi ndi mwezi, umenewo ndiye sunafunenso womasulira. Ndipo ngati kuti zimenezo sizinakwane, bambo Kathewera anayamba kutsokomola. Inali nyengo imene chigayo chimagwira ntchito osapuma, fumbi la mankhusu lili kobo. Koma kuchimuna anati ayi, munthuyu anadulidwa kale. Mkaziyu wasiya mchere chifukwa waona kuti watsala pang'ono kupha.

Ankhoswe anakhala pansi. Mayi Layla anabwera osaitanidwa kudzaikira mnzawo umboni. Anati: "Wallahi, ine ndimayenda nawo m'mawa uliwonse. Mwamuna yekhayo amene timakumana naye ndi wogulitsa makala, ndipo ngakhale iyeyo satiyang'ana, amayang'ana njinga yake." Ena anaseka, koma anayankhidwa kuti amayi a Chisilamu za mchere wa eni ake angazidziwire kuti. Ankhoswe a kuchikazi, atsibweni a malemu, anali nkhalamba yosamva bwino, ndipo chimene ankaopa iwo chinali kutha kwa banja. Bambo Kathewera anakhala chete mlandu wonse. Atafunsidwa maganizo awo kumapeto, anati iwo akungofuna mtendere pakhomo.

Chigamulo chinali chakuti malemu azithira mchere mu mphika ndi dzanja lawo, azidya za mu mphika womwewo, asiye kuyenda m'mawa, ndipo kwa bambo a ku boma aja asapondekonso. Mayi Eliza anauzidwa kuti akhale kaye pakhomopo aziona. Malemu anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti azipakula ndiwo zawo asanathire mchere. Anakanizidwa. Anauzidwa kuti kutero ndiye kuti akuopa mphika wawo womwe.

Ena afunsa kuti munthu wophunzira, wolandira malipiro akeake, anavomereranji. Akanatha kunyamula katundu n'kubwerera ku Chitala. Koma nthawi imeneyo a kwawo kwa mnyamata wofuna Tikondwe anali atayamba kale kutumiza anthu, ndipo mukudziwa nokha kuti ofunsira mbeta amayamba afufuza za mayi ake. Kwa mayi Layla malemu ananena mawu awa: "Anzanga, bipi ikupha ine ndekha. Koma dzina andipatsali lipha ana anga." Ukwati womwe uja umene unawachititsa kusiya mchere ndiwo unawachititsa kuutapanso.

Bambo Silungwe ataona kuti wodwala wawo wasowa, anabwera okha kuno pa njinga yamoto, atatenga namwino wamkazi, kuti alankhule ndi eni nyumba. Bambo Kathewera sanatuluke. Amene anatuluka ndi mayi Eliza, ndipo anawafunsa alendowo ngati abwera kudzayendera katundu wawo. Anabwerera osakhala pansi. Pambuyo pake bambo Silungwe ananena poyera kuti akanayenera kufunsa poyamba kuti mchere umatanthauza chiyani m'nyumba imeneyo, ndiponso kuitana mwamuna zinthu zisanayambe. Tikumva kuti masiku ano mayi aliyense amene walowa mu ofesi mwawo amayamba wafunsidwa zimenezo. Sanawataye malemu. Kudzera mwa namwino uja ndi mayi Layla anatumiza njira zina zing'onozing'ono zimene sizingaoneke: kuviika nsomba zouma m'madzi asanaphike, kudya masamba n'kusiya msuzi, kuzungulira bwalo la sukulu pa buleki ngati akuyang'anira ana. Anawapezeranso mlangizi wamkazi, koma pakhomo anati onsewo ndi amodzi. Malemu anachita zimene akanatha. Koma kukhitchini kunali munthu ataima pa msana pawo, akulawa, n'kumati: "Onjezerani, mlamu, sukumveka."

Chifuwa cha bambo Kathewera chinapola. Anamwa mankhwala a ku chipatala, anamwanso mizu imene alongo awo anakatenga kwa sing'anga. Kuchimuna anati mizu ndiyo yagwira ntchito, ndipo mizu ya mdulo singachize chifuwa wamba, ndiye kuti unalidi mdulo. Taganizirani pamene panaima malemu. Amuna awo akanamwalira, akanakhala opha. Amunawo atachira, malemu anakhalabe olakwa. Ndipo akanangochepetsa mchere tsiku lina, ndiye kuti abwererananso ndi uja. Mayi Eliza anabwerera kwawo patapita miyezi, koma maso anawasiya. Malemu anayesa kamodzi kuchepetsa, ndipo dzuwa lisanalowe lamya ya mayi Eliza inali italira kale.

Ku bungwe la amayi palibe amene anawachotsa pa udindo ndi mawu. Anangopezeka kuti pa ukwati wina apatsidwa ndowa yotungira madzi, miphika ili ndi ena. Anatunga madziwo. Ku sukulu ana ena anayamba kuimba dzina lawo m'kanyimbo konyoza, ndipo ana a Sitandade 2 sapeka okha nyimbo zotero. Malemu anapitiriza kuwaphunzitsa kuwerenga. Chinkhoswe cha Tikondwe chinachitika mu 2023, ndipo tsiku limenelo malemu anaonedwa akuthira mchere mu mphika waukulu, dzanja atalikweza m'mwamba kuti onse aone.

Mutu unayambiranso. Mapiritsi ankangogula ku famase, opanda wowapima. Mu Meyi chaka chino cha 2024, Loweruka m'mawa, anagwa akutsuka mpunga kuseri kwa nyumba. Anathamangira nawo ku boma, kenako ku Lilongwe. Inali sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, ndipo lilime linagwidwa. Dokotala anaitana abale n'kuwauza kuti wodwalayu chakudya chake chisamakhale ndi mchere. Bambo Kathewera anafunsa dokotalayo kuti nanga bwanji a chipatala sanawauze kale zimenezo. Dokotalayo mbiri imene mukumvayi sankaidziwa, ndiye anangopepesa. Pa khonde la chipatala chomwecho, odikirira odwala akumva, mayi Eliza anati: "Mwaona dzanja lake limene laumalo?"

Madokotala sananene kuti mchere wokha ndiwo unawapha, ndipo ifenso sitinena zimenezo. Bipi ili ndi njira zambiri, nkhawa ndi imodzi mwa izo. Mwina akanasiyidwa akanakhala zaka zina makumi awiri, mwina ayi. Zimenezo akudziwa ndi Mulungu. Ife tangoyala zinthu mmene zinatsatirana.

Atatuluka m'chipatala, Tikondwe anasiya ntchito kudzawasamala. Malemu sanalankhulenso. Tsiku lina Tikondwe anawaonetsa nsalu imene a kuchikazi asankha kuti adzavale pa ukwati mwezi wa mawa, n'kuwaimbira nyimbo yolowera. Malemu anagwedeza phazi la kumanzere motsatira nyimboyo mpaka inatha. Kuvina kwawo kunali komweko. Anamwalira Lachiwiri lapitali m'mawa, ali ndi zaka makumi asanu. Nsalu imene yayalidwa pa bokosiyi ndi yomweyo.

Ana a malemu pamodzi ndi banja la a Mlozowa apempha kuti mawu otsatirawa awerengedwe mokweza, pamaso pa mudzi uno. Mayi Benedicta Kathewera sanadziwe mwamuna wina aliyense kupatula amuna awo. Sanadule munthu. Anasiya mchere chifukwa ankafuna kukhala ndi moyo, ndipo anauthiranso chifukwa ankafuna kuti ana awo aziyenda osalozedwa zala. Tisanalembe mawu amenewa tinapita kwa bambo Kathewera kukapempha chilolezo. Anati tiwerenge, iwo sananenepo kuti akazi awo anachita. Zimenezo n'zoona. Sananenepo.

Chidziwitso chimodzi tisananyamuke kupita kumanda. Pobwerako mudzapeza chakudya. Ndiwo zonse zaphikidwa ndi Tikondwe, Agape, mayi Layla Binali, aphunzitsi aakazi a pa sukulu yathu, ndi amayi ena a bungwe amene anabwera okha kudzapempha miphika. Mwa amayi onsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene wathira mchere. Mchere uli m'mbale pa benchi, aliyense akadzithirire ndi dzanja lake. Ngati alipo wofuna kudziwa kumene amayi amenewa akhala akuyenda, ali kuseri uko, akawafunse pamaso.

Malemu asiya amuna awo, bambo Lodwick Kathewera, amene ali ndi thanzi labwino. Asiya ana aakazi awiri, Tikondwe ndi Agape, ndi mwana wamwamuna mmodzi, Lenard, amene ali Fomu 2. Asiya alongo awo atatu ndi mng'ono wawo mmodzi ku Chitala, atsibweni awo, ndi ana a abale ambiri amene anawaphunzitsa. Asiya mkamwini amene sanamulandire pa tsiku lake. Asiya mnzawo woyenda naye m'mawa. Asiya ana a Sitandade 2, amene afola kumbuyoko ndi maluwa. Asiyanso alamu awo, mayi Eliza, amene tikuwathokoza kuti abwera ndipo amva.

Mtendere uja unkafunidwa pakhomo, mwini kuulipira anali iwowa. Tsopano alandire wawo.

Apumule mu mtendere.